Namakiyi Sajambula Zitseko

Akulu anga amadula makiyi. Kabenchi kawo kali pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi pokwerera basi, ndipo aliyense mumsewu mwathu amawatchula kuti Namakiyi. Ngakhale mwana wanga, amene amayenera kumati amayi aakulu, akapsa mtima amati, "A Namakiyi andinamiza."

Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu bambo athu. Bambowo ankadikira mwana wamwamuna woti adzamusiyire makina, koma tinabadwa akazi awiri basi. Tsiku lina anangotenga tupa n'kuwaika akuluwo m'manja, amvekere, "Nayo. Mnyamata uja ndiwe." Anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Lero ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. M'zikhadabo mwawo simuchoka fumbi la mkuwa, ndipo chala chimodzi chakumanzere chinapindika kuyambira tsiku limene makina anachitsina. Sanakwatiwe. Mukawafunsa amati, "Amuna onse amene amabwera pano ndi otaya makiyi. Ndiye ndiwapatse wa pakhomo panga?"

Pansi pa benchipo, m'chikwama chakale cha zida, mumakhala laputopu. Anapatsidwa ndi ofesi ina imene inkasamuka, atawatsegulira makabati asanu ndi awiri amene makiyi ake anasowa. Laputopuyo inali yoti ikatayidwe. Munali gemu imodzi yakunja, ya mtundu umene amati dziko lotseguka. Tanthauzo lake n'lakuti palibe amene amakukoka dzanja kuti pita uku. Ukaona nsanja patali, ukhoza kungoyamba kuyenda mpaka kukaifika. Akulu anga anasewera sabata imodzi yokha, kenako anandiitana ndikudutsa.

"Tabwera udzaone bodza ili," anatero, akugogoda sikirini ndi chala chopindika chija. "Mzinda wonsewu, nyumba zosawerengeka, koma zitseko zotseguka sizikwana khumi. Zinazi n'zojambula. Loko wake ndi penti."

"Ndi gemu, achemwali."

"Ndiye gemu izinama? Ukandionetsa chitseko, wandilonjeza kuti kuseri kwake kuli chinachake."

Kuyambira pamenepo anayamba kuphunzira kupanga yawo. Ankaonera mavidiyo pafoni, foniyo ataitsamiritsa pabokosi la makiyi osadula. Kasitomala akabwera ankatseka laputopu, kudula kiyi, kuuzira fumbi, n'kutsegulanso. Zinawatengera zaka zitatu. Lamulo lawo linali limodzi: chitseko chilichonse chimene wosewera wachiona chitseguke, ndipo chimene chili m'kati chikhale chimene chilidi m'nyumbamo.

Kuti mumve zimene anachita, ndiyenera kunena za kwanga, ngakhale sindimakonda kutero.

Mwana wanga timamutchula kuti Kachala, chifukwa chiyambire kulankhula amangoloza zinthu n'kumafunsa kuti, "Uko kuli chiyani?" Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ali ndi matenda a khunyu. Kumene tinkakhala kale anagwa pamsewu ali ndi zaka zisanu, ine ndikugula sopo pafupi pomwepo. Nditacheuka ndinaona anthu atabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Mayi wina ankakoka mwana wake n'kumamuphimba kumaso. Bambo wina, amene ankafunadi kuthandiza, anamukanikiza supuni m'kamwa mpaka dzino linathyoka. Mawa lake ana a pabwalo lathu anali atauzidwa kuti asamamwere kapu imodzi ndi iye.

Tinasamuka. Ndinapeza kanyumba ka mpanda ndi geti lobiriwira, mumsewu wa akulu angawu, ndipo sindinauze munthu aliyense. Loko wa pagetipo anandipatsa ndi iwo omwe, pamodzi ndi makiyi awiri. Anati, "Wachitatu sindidula. Geti ndi lako." Kiyi mmodzi amayenda naye bambo a Kachala, amene amayendetsa thiraki ndipo amabwera kawiri pamwezi. Winayo ndimamuvala m'khosi pachingwe.

Kwa zaka ziwiri Kachala sanatuluke pagetilo, kupatula popita kuchipatala, ndipo popitapo ndinkamugwira dzanja mpaka zala zanga kudinda. Mankhwala ankagwira ntchito. Ankatha miyezi itatu kapena inayi osagwa. Adokotala anandiuza kawiri konse kuti mwanayu akhoza kuyamba sukulu. Ndinkati ndamva. Aneba akafunsa ndinkati, "Ayamba chaka chamawa." Bambo ake ankangoti, "Mayi ndiwe, ukudziwa ndiwe." Sukuluyo ili kumapeto kwa msewu wathu, kungowoloka msewu waukulu. Belu lake timalimva tili pakhonde, ndipo likalira Kachala ankakaima pageti, diso lili pa kabowo ka loko.

Tsiku lina Lamlungu masana, akulu anga anabwera ndi laputopu ija n'kuiika pa tebulo.

"Ndafunsa kale kuchipatala," anatero ndisanatsegule pakamwa. "Mulibe zothwanima zoti n'kumugwetsa. Khazika mtima pansi."

Pa sikirinipo panali msewu wathu. Unayambira kunja kwa geti lathu mpaka kusukulu. Koma zonse zinkaoneka mmene mwana angazionere: zogwirira za zitseko zili m'mwamba, galu wa owotcherera zitsulo ali ngati mwana wa ng'ombe. Kachala analoza chitseko chachikasu.

"Uko kuli chiyani?"

"Pita ukaone," anatero akuluwo.

Anapita. Chitseko chinatseguka, ndipo m'katimo munali atelala, makina awo mwendo umodzi atautsamiritsa pa njerwa, monga mmene aliri. Analowa kwa ometa. Analowa kwa agogo opuma pantchito amene amaweta nkhunda. Analowa m'nyumba zimene ine ndemwe sindinalowemo. Mwanayo anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinaima kumbuyo kwake osaseka, chifukwa ndinkaona kumene kamunthu kake kankalowera. Kankatsika msewu, kulunjika kumene kumadutsa magalimoto.

Nditawaperekeza pageti ndinati, "Achemwali, muikepo khoma. Asanafike pamsewu waukulu, pakhale chinthu chomubweza."

"Ine ndimadula makiyi. Makoma ndi ntchito ya omanga."

"Musachite nthabwala. Mukumuphunzitsa kufuna zimene sangazipeze."

"Kufunako ndamuphunzitsa ndine? Uzimuona belu likalira." Anakoleka chikwama paphewa. "Msewu waukulu ulipo, ndiye m'gemumo ukhalamo. Akafikapo aime, ayang'ane uku ndi uku, awolokere pamizere pamene amakhala amayi a nthochi. Akalakwitsa, gemu imubweza pamphepete ayambirenso. Bola alakwitsire mmenemu."

"Mwana ndi wanga."

"Sindikukulanda."

Ine ndine munthu woona zinthu. Mantha amaphunzitsa maso. Miyezi imeneyo ndinkawaona akulu anga akuyenda mumsewu ndi tepi yoyezera ndi foni, akuodira khomo ndi khomo. Ndinkaona kuti m'nyumba zina amakhalitsa, ndipo nthawi zina amanyamula thumba la utuchi limene sindinkadziwa ntchito yake. Ndinaonanso kuti atelala ayamba kundipatsa moni wofatsa kwambiri, wa kuti, "Nanga mwana wadzuka bwanji?" Amayi a nthochi tsiku lina anandigwira dzanja nthawi yaitali. Zonsezi ndinaziona, koma sindinazilumikize. Ndinkati mwina akuluwo akungoyeza zipinda, ndipo anthu akundimvera chisoni poti mwamuna sakhalitsa pakhomo.

Kenako koleji ina ya makompyuta inakonza chionetsero cha magemu opangidwa ndi anthu wamba. Panali gawo la dziko lotseguka, ndipo akulu anga analembetsa. Anandipempha ndikawanyamulire chingwe cha magetsi. Linali Loweruka m'mawa, bambo a Kachala anali pakhomo, ndiye ndinavomera.

M'holomo munali matebulo ambiri, ndipo akazi tinalimo ochepa. Kumanja kwathu kunali mnyamata wa chipululu chachikulu chokhala ndi mapiri ofiira. Kumanzere kunali awiri a zilumba ndi malupanga. Onse ankayang'ana zala za akulu anga, kenako laputopu yomangidwa ndi selotepi pakona, n'kumatsinana. Woweruza anali mphunzitsi wa pakolejipo, bambo waulemu wake, wa ndevu zometa bwino, pepala la malamulo lili m'manja.

"Mayi, dziko lanu ndi lalikulu bwanji?" anafunsa atafika pa ife.

"Mapazi mazana asanu ndi limodzi ndi makumi anayi."

"Mapazi a chiyani?"

"A mwana."

Mnyamata wa chipululu anaseka. Woweruzayo sanaseke, koma anakweza pepala lija n'kuwerenga pang'onopang'ono ngati akuwerengera munthu wodwala. Anati dziko lotseguka liyenera kukhala lalikulu, loti wosewera angathe kusocheramo. Liyenera kukhala ndi madera osiyanasiyana, ndi ntchito zambiri zoti munthu asankhepo.

"Mukuona, mayi, chanuchi ndi kanjira," anatero. "Mnzanuyu kuti muwoloke chipululu chake pamafunika ola lathunthu."

"Muli zitseko zingati m'chipululumo?" anafunsa akuluwo.

Mnyamatayo anati muli mudzi wa nyumba makumi asanu.

"Zotseguka?"

"Ziwiri. Koma zinazo n'zongokongoletsa."

"Zanga ndi makumi awiri ndi zitatu. Bwana, tayesani."

Woweruzayo anakhala pansi, mwina pofuna kusonyeza kuti si wokondera. Akudina mabatani anafunsa kuti, "Munatengera magemu ati? Aliyense amatengera kwinakwake."

"Ndinatengera kwa bambo anga. Ankati loko amene alibe kiyi si loko, ndi chitsulo chabe. Kwinako ndinatengera kwa gemu ina yakunja imene inandinamiza. Imeneyo ndimaithokoza, inandipsetsa mtima bwino."

Bamboyo analowa kwa ometa, natuluka. Analowa kwa agogo a nkhunda, n'kukhalamo kanthawi, akuyang'ana zithunzi za pakhoma. Ndinaona kuti pepala lija waliika pansi. Anatuluka n'kuyamba kutsika msewu. Atangodutsa chitseko chachikasu, chithunzi chinapendekeka pang'onopang'ono. Kumwamba kunapita m'mbali, nthaka inafika pafupi, ndipo kamunthu kaja kanagona pansi.

"Aa, yafa," anatero woweruzayo. "Ili ndi vuto."

"Dikirani," anatero akulu anga.

Ine zimenezi ndinali ndisanazionepo. Kunyumba Kachala akamasewera, kamunthuko sikankagwa. Koma kagwedwe kameneko ndimakadziwa kuposa nkhope yanga.

Chitseko chachikasu chinatseguka. Atelala a m'gemumo anatuluka ndi nsalu yopinda, n'kuiika kunsi kwa mutu wa mwanayo. Anamutembenuza kuti agonere m'mbali. Anayang'ana wotchi. Kenako analankhula, ndipo mawuwo anali awo enieni, osasa pang'ono, amene ndimawamva tsiku ndi tsiku: "Patukani, mpatseni mpweya. Musamuike kanthu m'kamwa. Kachala, ndine atelala. Usaope, ndili pompano."

Dzina la mwana wanga, m'holo yodzaza anthu. Zaka ziwiri ndikulibisa ngati dzira, ndipo linatulukira m'laputopu ya selotepi.

Akulu anga ankafotokoza, ine ndikumva ngati ndili pansi pa madzi. Anati paliponse pamene mwanayo angagwe, chitseko chapafupi chimatseguka. Anati munthu sankamuika m'gemumo ngati wothandiza pokhapokha atalowa m'nyumba mwake, kukhala naye pansi, ndi kumuona akugoneka bwino thumba la utuchi, mutu pa chofewa, osalikanikiza, osalitsegula pakamwa. Akakhoza m'pamene ankamujambula mawu. Ndiye kuti msewu wonse unkadziwa. Moni wofatsa uja, dzanja la amayi a nthochi lija, zonse zinali zimenezi.

Woweruzayo anagwiranso mabatani. Kamunthu katadzuka, anakabwezera kumene gemu imayambira, n'kuima pa geti lobiriwira. Anadina. Anadinanso.

"Apa ndiye mwaphwanya lamulo lanu lomwe," anatero, akumwetulira ngati wapeza pogwira. "Ili silikutseguka. N'lojambula."

"Si lojambula. Kuseriko kuli nyumba, koma mwini wake sanandilole kuyeza. Kiyi ali ndi iyeyo."

Sanandiyang'ane n'komwe. Kiyiyo ndinkamumva akuzizira pachifuwa panga.

Bamboyo anaimirira n'kutola pepala lake. Anati ntchitoyi ndi yabwino, yokhudza mtima ndithu, koma malinga ndi tanthauzo limene anagwirizana, si dziko lotseguka. Aiika m'gawo la zina ndi zina. Dzikolo lachepa.

"Lembani mmene mwafunira, bwana," anatero akulu anga. "Koma tsiku lodzalembanso tanthauzolo, mudzayambe mwawerenga zitseko."

Ndinali nditawakwiyira akuluwo moti ndikanatha kuwakwapula ndi chingwe cha magetsi chija. Koma mawu akuti lachepa anandibaya pena. Ndinangozindikira ndikulankhula, ine amene pagulu sinditsegula pakamwa.

"Bambo, mwana amene wagwayo ndi wanga. Pa mapazi amene mukuti achepawo, sanayendepo yekha ngakhale limodzi. Inu mukuyeza ndi miyendo yanu."

Anandiyang'ana, nayang'ana pepala lake, nati, "Pepani, mayi." Koma sanasinthe chimene analemba. Satifiketi inapita kwa mnyamata wa chipululu.

Ine ndi akulu anga tinayambana pokwerera basi, anthu akutiyang'ana.

"Mwamuulula mwana wanga," ndinatero.

"Ndamuulula."

"Osandifunsa."

"Ndikanakufunsa ukanati chiyani?"

"Ndikanakana."

"Ndiye ndinasiya dala."

"Inu mulibe mwana, achemwali. Simunatolepo dzino la mwana wanu pamsewu."

Ameneyo anali mawu oipa, ndipo ndinawanena ndikudziwa. Nkhope yawo inagwa, koma sanabwerere m'mbuyo.

"N'zoona, ndilibe. Koma dzinolo linathyoka chifukwa bambo uja sankadziwa chochita. Iwe unatsekera mwana, anthu n'kuwasiya osadziwa. Tsiku lina geti limenelo adzalikwera, wandimva? Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Akadzagwa kunja, ukufuna adzagwere pakati pa anthu otani?"

"Nanga dzina lake? M'holo muja? Nalonso n'lothandiza?"

Anayang'ana zala zawo.

"Apo ndalakwa," anatero. "Ndinazolowera kulimva, ndiye ndinaiwala kuti si langa. Ndilichotsa lero lomwe."

"Ndiye onse anavomera? Msewu wonse ndi angelo?"

"Ayi. Awiri anakana. Mayi a pasaluni ndi eni nyumba zalendi aja. M'gemumo zitseko zawo zimatseguka ndithu, koma mwana akagwa amangoima n'kumayang'ana. Sindinawakometse."

Ndinatha masiku atatu osawalankhula. Popita kumsika ndinkadzera tsidya lina la msewu, iwo n'kumayatsa makina mokweza ngati sakundiona. Koma nkhaniyo sinkandichoka m'mutu. Ine za m'laputopu sindizikhulupirira. Munthu wa m'gemu amachita zimene wamulamula. Ndinkafuna kuona anthu enieniwo.

Tsiku lachinayi ndinatseka geti, Kachala ali m'kati ndi bambo ake, n'kuyamba kuodira ndekha.

Ndinayambira kwa atelala. Sindinawapatse moni wautali. Ndinati, "Mwana wanga atagwa apa, mungatani?" Anavula magalasi, natambasula dzanja pashelefu, natsitsa nsalu yopinda bwino. Anati yakhala pamenepo miyezi isanu, ndipo mkazi wawo amadziwa kuti imeneyo siyosokera. Ndinawafunsa kuti zikapitirira mphindi zingati athamange naye kuchipatala. Anati zisanu, ndipo anandionetsa nambala ya wataxi atailemba pakhoma.

Owotcherera zitsulo anazimitsa moto n'kukweza chophimba kumaso. "Mlamu, akulu anu aja ndi nkhanza," anatero. "Anandigonetsa thumba la utuchi kanayi. Ulendo woyamba akuti ndalithyola khosi. Wachiwiri akuti ndalisiya pafupi ndi mawaya. Ine mkazi wanga yemwe sindinamugonekepo mwaulemu choncho." Ndinaseka ndisakufuna. Anawonjezera kuti mwana akamadutsa azizimitsa moto, poti kuthwanima kwake sakukukhulupirira.

Amayi a nthochi sanadikire funso. Anati mlongo wawo anali ndi matenda omwewa, ndipo anakulira kuchipinda chakumbuyo mpaka kumwalira osadziwa kulemba dzina lake. "Mundipatse ine pamizerepo," anatero. "Ndizimuwolotsa ngati wanga."

Kusukulu ndinapeza kuti akuluwo anafikako kale. Aphunzitsi a ana oyamba anali ndi kapepala m'kabati, kolembedwa ndi dzanja limene ndimalidziwa.

Ndinatsiriza ndi pasaluni, mwadala. Mayiwo ankaluka munthu tsitsi. Anandiyang'anira pagalasi.

"Ine ndinanena kale kwa achemwali anu," anatero. "Mwana woteroyo mukanamusunga m'nyumba. Pano pamabwera ana a anthu. Malovu aja amapatsirana."

Zaka ziwiri zapitazo mawu amenewa akanandisamutsanso.

"Sapatsirana," ndinatero. "Ndamupukuta malovu ndi manja awa zaka zitatu, ndipo ndi ine ndaima panoyu. M'nyumba ndamusunga mokwanira. Lolemba adutsa pakhomo panu pano, m'mawa ndi masana. Mukaopa, mudzitsekere inuyo. Loko akavuta, akulu anga ali apo."

Wolukidwa tsitsi uja anaseka n'kubisa nkhope. Ine ndinatuluka, ndipo ndinakakhala kanthawi pa mwala kuseri kwa sitolo.

Lolemba m'mawa ndinamumwetsa mankhwala, n'kumuveka yunifolomu imene atelala anasoka m'masiku awiri. Ndinavula chingwe m'khosi. Loko anavuta pang'ono. Geti litatseguka ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire, koma iye anaika manja ake kumbuyo.

"Njira ndikuidziwa," anatero.

Ndinamulola atsogole. Ndinkamutsatira mapazi khumi kumbuyo, maso ali pa mapewa ake, poti kugwa kwake kumayambira pamenepo. Anapatsa moni atelala ngati mnzake wakalekale. Owotcherera anazimitsa moto. Pasaluni chitseko chinali chotseka, ndipo tinadutsa osachedwetsa phazi. Titafika pakhonde la sitolo ya zitsulo anaima, manja m'chiuno.

"A Namakiyi munandinamiza. Galu uja ndi wamng'ono."

"Ndiwe wakula," anayankha akuluwo, osakweza mutu. Ankapala kiyi amene ndikukhulupirira kuti anali atatha kale. "Tapita, belu latsala pang'ono kulira."

Pamsewu waukulu anaima yekha pamphepete. Anayang'ana uku, nayang'ana uku. Amayi a nthochi anapukuta manja n'kumugwira, ndipo anawoloka. Ine ndinatsala tsidya lino. Sanacheuke.

Papita miyezi isanu ndi umodzi. Wagwa kamodzi, pobwera kusukulu, pafupi ndi powotcherera. Mmene ndinkafika ndikuthamanga wopanda nsapato, ndinamupeza atagonera m'mbali, mutu uli pa jekete, mano onse ali m'malo. Anthu anali ataima patali ndithu. Owotchererawo anali atagwada, diso lili pa wotchi, akulira kuposa mwanayo. Mawa lake Kachala anapitanso kusukulu. Ena anati ndikanamupumitsa sabata. Ndinati wapuma kale zaka ziwiri.

Mantha sanandichoke. Belu lotulukira likalira ndimaima pageti mpaka nditaona kamutu kake, ndipo ndikudziwa kuti ndidzaimapo mpaka ukalamba. Koma getilo masana limakhala lotsegula.

Akulu anga akadali pakhonde pomwepo, akudula makiyi ndi kukangana ndi makasitomala amene amabweretsa kiyi wopindika n'kumati makina ndiwo alakwitsa. Gemu ija sanaikulitse. Mnyamata wa chipululu anabwera tsiku lina kudzafunsa mmene amapangira zam'kati mwa nyumba, ndipo anamuuza kuti ayambe waphunzira kuodira. Sabata yatha anafika kwathu ndi tepi yoyezera. Geti linali lotsegula, koma anaima kunja.

"Odi," anatero.

"Mwayamba liti kufunsa, achemwali?"

"Lero. Ndilowe?"

Ndinawasiya ataima pamenepo kanthawi, kuti alawe.

"Lowani. Koma zovala zili pachingwezo musaziikemo."

"Zilipo, ndiye zikhalamo," anatero, akukoka tepi. Kachala anagwira mbali inayo.